Phazi la Apongozi

Lolemba

Phazi lathyoka! Lathyokera kudimba, m'matope momwe a kuchipatala adandiletsa kuti ndisamapondemo. Ndikunena phazi loikirira la kumanzere, lomwe ndakhala ndikuyendera chidulireni mwendo pa ngozi ya minibasi ija. Chidendene chang'ambika pakati, kamtima kake ka m'kati kali panja ngati fupa la nsomba.

Ndaimba foni kutauni. Akuti, "Bambo, mapazi a saizi yanu atha, mudzabwere mwezi wamawa." Mwezi wamawa! Ukwati wa Sisiliya ndi Loweruka lomwe lino.

Ine pamudzi pano ndine mkamwini. Munda ndi wa mkazi wanga, ana ndi a kwawo kwa mkazi wanga. Pa chinkhoswe ndidangokhala ngati mpando, zonse akuyendetsa ndi malume ake a mwana, alamu anga a Bonifasi. Changa pa ukwati wonsewu n'chimodzi chokha: kumugwira mkono mwana wanga kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka kuguwa. Ndi miyendo iwiri, wopanda ndodo. Ndidalumbira ndili chigonere m'chipatala.

Alamu atulukira kale ngati khwangwala wamva fungo. "Musavutike alamu, ine ndilipo. Pajatu mwanayu ndi wathu." Nsapato apolisha kale, Lolemba!

Ndine kalipentala ine. Zitseko ndapanga, mipando ndapanga, mabokosi a maliro osanena. Phazi lingandikanike?

Zofunika:
- mtengo wolimba
- tayala lakutha
- bawuti ya phazi lakale
- kuti alamu asadziwe zoti ndikusema phazi

Lachiwiri

Chiperoni chatipeza. Phiri silikuoneka, nyumba ya aneba sikuoneka, mbuzi ikungomveka kulira osadziwa kuti ili pati.

Mtengo kulibe! Bulugamu amang'ambika, mango ndi wofewa, paini n'chibwana. Mitengo yeniyeni idatha kalekale ndi makala ndi njerwa. Yatsala pamalo amodzi okha, ndipo aliyense akudziwa kuti ndi pati.

Kumanda sadula mtengo, satola nkhuni, ngakhale mwana woyamwa amadziwa. Koma mphepo ya sabata yatha idagwetsa nthambi ya mlombwa, ndipo idagwera kunja, m'mphepete mwa munda wathu wa nandolo. Mlandu ndauweruza ndekha motere:
- tsinde ndi la akufa, sindikukana
- nthambi idachoka yokha, palibe adaikakamiza
- chogwera m'munda n'cha wolima mundawo
- komanso mwendo wanga weniweni adzukulu adaukwirira m'manda momwemo, ndiye ine kumeneko si mlendo kwenikweni

Ndapita masana, pa ndodo, macheka ali m'thumba la feteleza kumsana. Zii. Mbalame osalira. Nkhungu ikutuluka pakati pa mitengo ngati muli wina akusuta. Ndikucheka, phokoso likulowa m'manda n'kumabwerako mochedwa, ngati mbali inayo kuli mnzanga akucheka yake. Ndikaleka ine, iye akumakokanso kamodzi ndiye n'kuleka.

Podulapo patuluka madzi ofiira. Mlombwa umatero, ndikudziwa, ntchito yanga ndi yomweyi. Komabe manja ndapukuta pa udzu nthawi yaitali.

Pobwerera sindinacheuke. Zala za phazi lomwe kulibe zikuyabwa, ndipo pokanda palibe.

Lachitatu

Ndaponda phazi langa lamoyo pa chikatoni, ndajambula, ndadula, ndaika pamtengo. Ndasema mpaka dzuwa pamutu. Lokongola! Zala zake, zikhadabo zake, ngakhale a kuchipatala akanaomba m'manja.

Poyeza: mapazi awiri akumanja. Mayo ine! Chikatoni chija amatembenuza kaye. Safunsa adadya phula.

Kubwerera kumanda kuja ayi. Ndangokonza lomweli: chala chachikulu ndachisema chikhale chaching'ono, mbali inayo ndatulutsa chachikulu chatsopano. Kusema uku, kusema uku, phazi likungochepa. Pafupi ndi chala chachikulu ndakumana ndi mfundo youma gwa, tchizulo chikungodumpha. Ndaisiya, yatsala ngati chotupa.

Mayi a Sisiliya abwera ndi tiyi. Aima. Maso ali pa phazi lija. "Phazi la amayi ilo."

Ndaseka, kenaka ndaliyang'ananso. Apongozi anga, malemu: phazi laling'ono, chotupa pa chala chachikulu, zala zopanikizana. Ndipo agona pansi pa mlombwa womwe uja. Mkazi wanga sakudziwa komwe ndatenga mtengo, ine ndiye ndikudziwa.

Tsono nkhani yake nayi. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Zaka zonse zija tikakumana panjira ndimapatukira m'tchire, maso pansi, moni tikupatsana chapatali. Nkhope yawo ukandifunsa lero ndichita kuganizira. Koma mapazi! Mapazi awo ndidawaphunzira kuposa katekisimu. Ndiye mwina manja angokumbukira okha. Mwina.

Ndaliphimba ndi chiguduli. Kenaka ndachotsa chiguduli, ndaphimba ndi chitenje chochapa.

Lachinayi

Dzulo ndidalisiya pafupi ndi bedi, zala zitaloza kukhoma. M'mawa uno zaloza kukhomo. Mayi a Sisiliya akuti iwo sangalikhudze ngakhale ndi tsache.

Ndaboola, ndalowetsa bawuti, ndamanga ku paipi ya mwendo. Ndaimirira. Ndayenda!

Lero ndiye ndadziwa chomwe phazi la kuchipatala limandichitira osandiuza. Lija chidendene chake n'chofewa, ukaponda chimamira pang'ono, ndiye kamtima ka m'kati kamapinda n'kukukankhira kutsogolo. Langali ndi mtengo basi. Go! Go! Ndikaponda, chitsa cha mwendo chikumva mpaka m'mano.

Zokonza:
- labala wa tayala pansi pa chidendene
- kucheka kuseri kwa zala n'kulumikiza ndi labala kuti lizipinda
- misomali ing'onoing'ono, ndipo pokhoma ndapezeka ndikunena kuti "pepani"

Tsopano likulira mwina: go-phwa, go-phwa. Mayi a Sisiliya atuluka m'khitchini mothamanga atapinda kale bondo, ngati momwe ankachitira akamva patapata wa amayi awo kuseri kwa nyumba. Taonana. Nkhuku zonse zakabisala kuseri kwa khola.

Vuto lina: likukhota. Ndikuloza kubafa, ndafikira kunkhokwe, pamalo penipeni pomwe apongozi ankakonda kuima n'kumasuzumira ngati mkamwini walima chaka chino. Ndayesanso. Kunkhokwe. Ndabwereka sipanala kwa okonza njinga, ndamanga bawuti mpaka thukuta. Mtengo ndi wauwisi, bowo likukula lokha, chifukwa chake n'chomwecho. Ndalemba apa kuti ndizidzikumbutsa.

Povula madzulo ndayang'ana kumbali. Munthu ungagwire bwanji phazi la apongozi uli kuliyang'anitsitsa?

Lachisanu

Kokonzekera kutchalitchi. Nsapato yakula, phazi lachepa, ndathira zigamba kutsogolo. Akatekisiti akuti ndiyende pang'onopang'ono kuchokera pakhomo, Sisiliya ali kokonza tsitsi ndiye ndigwire mphepo.

Tchalitchi chopanda anthu n'choopsa, abale. Go-phwa, go-phwa pa simenti, denga likuyankha. Amayi achikulire osesa aimitsa matsache onse pamodzi. Wina wadzilemba chizindikiro cha mtanda. Wina, mnzawo wa apongozi wa m'kwaya, wayang'ana osati ine ayi, koma kumbuyo kwanga, n'kunena motsitsa: "Mwabwera?"

Ndafikira pa benchi ya chigawo cha amayi, pomwe malemu ankakhala. Akatekisiti: "Bambo, guwa lili uku."

Kunyumba, povula:
- sokosi yoyera yafiira, utomoni wa mlombwa
- chitsa chatuluka matuza, limodzi laphulika
- sokosi ya pachitsa nayonso yafiira, ameneyo si mlombwa

Ndipo alamu adziwa! Adakazonda nandolo, apeza utuchi ndi mabowo a ndodo zanga m'matope. Afika anthu akusenda anyezi pabwalo, osatsitsa n'komwe mawu: "Alamu, mwafika pokaba kwa amayi?" Adzukulu atumiza uthenga: chindapusa cha nkhuku, ndipo mtengowo ubwerere kwawo. Ndapempha andidikire mpaka Lamulungu. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma lero ndang'animiridwa zenizeni.

Alamu potsanzika: "Mawa ndikhala benchi yakutsogolo, kumapeto. Mukangotopa, mundikodole."

Sisiliya wabwera tsitsi lili mu mpango. "Bambo, mwendo uli bwanji?" Ndati uli bwino kwambiri. Wandiyang'ana ngati momwe amayang'anira nsomba ya dzana pamsika.

Ndikuopa. Sindikudziwa kuti ndikuopa chiti kwambiri, malemu kapena nsapato zopolisha zija.

Loweruka

Nkhungu mpaka pakhomo la tchalitchi. Anthu akutulukira m'menemo mmodzimmodzi ngati akuchokera kwina.

Suti yobwereka. Bawuti ndamanga komaliza. Sisiliya woyera mbee, dzanja lake lili pamkono panga, likutentha. Mwana wanga uyu, amene ndidamusemera kampando asanathe n'kukhala komwe!

Kwaya yayamba. Nthungululu. Go-phwa. Go-phwa. Tikuyenda! Phazi likuwongoka bwinobwino, koyamba sabata yonse, ndipo likufulumira. Ine ndikuti pang'onopang'ono, ilo likukoka. Chitsa chikuyaka moto, ndikumwetulira ngati wojambulitsa.

Pakati penipeni pa tchalitchi: thyo! Mtengo wang'ambika pa bawuti. Mwendo ndanyamula, phazi latsala. Nsapato ili apo pa simenti, yokha, yatembenuka, yaloza kukhomo. Ine ndaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, paipi ikulendewera m'buluku.

Kwaya yazima mmodzimmodzi, wotsala ndi wa ng'oma, nayenso waleka. Zii. Mwana wina walira kumbuyo.

Alamu adzuka. Akukonza jekete. Nsapato zikuwala, zikubwera. Ndayamba kale kumasula mkono, chifukwa n'kutani, mwana ndi wawo.

Sisiliya wakanikiza dzanja langa. "Malume, khalani pansi." Osakweza mawu, koma lamva ndi denga lomwe. Wakweza velo, watenga mkono wanga, wauika paphewa pake, dzanja lina wandigwira m'chiuno. "Tiyeni bambo, dumphani. Ndakugwirani."

Ndadumpha. Du, du, du, mpaka kuguwa, velo itapendekeka, maluwa atagwa, iye akupuma ngati wasenza thumba la chimanga. Abambo mfumu atsokomola nthawi yaitali. Wa ng'oma wayamba kutsata kudumpha kwanga, kwaya n'kulowa, tchalitchi chonse nthungululu. Ine misozi, mamina, zonse pa suti ya eni.

Nsapato ija palibe waichotsa. Misa yonse yakhala pomwepo. Pokalandira Ukaristia, anthu akumafika pafupi n'kupatuka, maso pansi, ena kupinda bondo pang'ono. Ngakhale alamu aizungulira chapatali.

Lamulungu

Nkhungu yachoka. Phiri labwerera pamalo pake.

Phazi adakalitola dzulo ndi mayi a Sisiliya anthu atatuluka, atagwada, ndi manja awiri. Adzukulu abwera m'mawa, atenga ilo ndi tambala wanga wofiira. Nsapato akana kuivula, ndiye yapita nawo. Mwini suti, yemwe adandibwerekanso nsapatoyo, ndimufotokozera bwanji, kaya.

Zotsala:
- chilonda, chomwe a kuchipatala cha mishoni akuti chipole kaye, osavala chilichonse
- ndodo
- alamu, omwe akuuza aliyense kuti iwo adaoneratu

Tchizulo ndabweza m'bokosi. Mapazi ndawasiyira eni ake ophunzira, ine ndizipanga zitseko.

Masana Sisiliya wabwera kudzatsanzika ndi mwamuna wake. Mnyamatayo poona mayi a Sisiliya wapatukira kumbali, maso pansi. Ndamumvera chisoni, wayamba kale kuphunzira mapazi. Watipatsa foni chapatali kuti tione zithunzi.

Chimodzi adajambula ali kuguwa. Ine ndili paphewa pa mwana wanga, pakamwa pali yasa. Sisiliya akuseka ndi kulira pamodzi. Kumbuyo kwathu, pakati pa mabenchi, nsapato ija. Tchalitchi chonse chidaona kuti idaloza kukhomo, ine ndidaona, akatekisiti angalumbire. Pachithunzipa yaloza kuguwa.

Mayi a Sisiliya ayang'ana nthawi yaitali, akuza chithunzicho ndi zala, achepetsa. "Amayi adamulera kumsana mwanayu. Inu mumati tsiku lotere akanakhala kumanda?"

Basi. Ine ndimati ndikupereka mwana kuguwa, pomwe ndikuperekeza apongozi ku ukwati. Afika, aona, abwerera.

Sisiliya ponyamuka ndaona akusisita phewa, likumupweteka. Sindinathe kumuperekeza mpaka kumsewu, ndangoima pakhomo. Wandinyamula pamaso pa mudzi wonse mwana uja, ndipo chichokereni dzulo ndikudikira manyazi, mpaka pano sanabwere.