Mmene ndinachitira ulemu tirigu wachilendo

Ine ndinkakhulupirira kuti mbewu ikamatchedwa yopirira ludzu ndiye kuti ndi yamanyazi chabe, ngati mlendo amene amati “ndakhuta” m'mimba mukulira. Musaseke msanga. Kuno ku Likangala tinabadwira mumpunga, ndipo mpunga sunakanepo madzi.

Chaka chomwe Chilwa inaphwa mpaka mabwato kugona pamatope, mlangizi wa zaulimi anabwera ndi kathumba ka tirigu woyesera. Anthu anasankha ine, poti pa mpunga ndilibe mnzanga (kafunseni ku Songani, akukuuzani).

“Madala, mbewu ndi yomweyi, ina kulibe,” anatero mlangiziyo. “Mukaitaya, mudzi wonse wataya. Imapirira chilala, musaichulutsire madzi.”

“Mwana wanga, ndinayamba kulima iwe usanamere mano.”

Ndinafesa panazale ngati mpunga. Amayi a Rozina, akazi anga, anatola totsalira m'thumbamo n'kukamwaza m'dimba lawo la kumtunda. Ndinawaseka mpaka kutsokomola.

Tirigu wanga atamera, ndinamuzula n'kumuwokera m'matope. Pamenepo chifundo chinandigwira. Mlendo afe ndi ludzu pakhomo panga, ngalande ili pomwepo? Ndinatsegula madzi. Masamba atayamba chikasu ndinati, ehe, ludzu lija ndi limeneli, n'kuwonjezera. Atagona pansi ndinawonjezeranso. Achule anasamukira momwemo ndi mabanja awo.

Tsiku loonetsa mbewu mlangizi anafika ndi gulu la alimi. Anaima pamzere, nayang'ana, nayang'ananso.

“Madala, tirigu ali kuti?”

“Ali pansipo, akupuma.”

Amayi a Rozina anangokonza chitenje n'kunena kuti, “Alangizi, tiyeni kumtunda kuno.” Kumeneko tirigu anali chilili, ngala zake mbuu, pa nthaka yong'aluka imene ankaithirira mwa apo ndi apo. Anthu anaomba m'manja, ine kuposa onse. Mbewu ya mudzi inapulumuka, ndipo inapulumukira pakhomo pa yani? Komanso popanda munda wanga, anthu aja akanayerekeza ndi chiyani? Mpaka lero mlangizi akamaphunzitsa amatchula ine. Ena amafa osatchulidwa n'kamodzi komwe.

Madzulo ake ndikufotokoza zimenezi, amayi a Rozina anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati:

“Mwagwira ntchito, abambo. Koma mbewu ndisunga ndine. Inuyo ndikugulirani abakha, tione ngati nawonso mungawamize.”