Matemba Athu Anabwerera pa Geti

Kachulu,
Kwa Mwambo,
Zomba.

Kwa Olemekezeka Bwana Oyang'anira Zakudya,
Koleji ya Mpanda Wobiriwira.

Bwana,

Ndalemba kalatayi nditagwada, ndipo mundikhululukire ngati ikununkha nsomba, popeza tebulo langa ndi thandala lomwe timayanikapo matemba. Ine ndine Alice Namathanga, wapampando wa kalabu ya amayi olima mpunga ndi kuyanika nsomba kuno ku Kachulu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, choncho zambiri zomwe mumachita inu ophunzira ndimangozisirira osazimvetsa. Ndabwera kudzathokoza basi.

1. Zikomo potiyendera mwezi wa Meyi uja. Munabwera ndi galimoto ziwiri ndi munthu wojambula, n'kutiuza kuti kuyambira tsopano ophunzira anu azidya za alimi a m'dera lino, kuti chilengedwe chipumeko. Munandisenzetsa dengu la matemba katatu konse chifukwa poyambapo sindinaseke mokwanira. Ndikumva kuti chithunzicho chili pakhomo la kafeteria, chachikulu kuposa chitseko cha nyumba yanga. Mano angawa sanatumikirepo dziko chotere.

2. Zikomo potiphunzitsa malamulo. Pa tsiku lomwe munatchula nokha, tinanyamula matumba a mpunga wa faya, matemba ouma ndi mpiru wothyola m'mawa womwewo. Minibasi itafera pa Jali, amuna anga a Wilisoni anamangirira katundu pa njinga n'kumakankha, dzuwa lili paliwombo. Pa geti mlonda wanu, a Thomson, anatilandira mwaulemu ndithu: "Amayi, pepani, popanda kalata ya masapulaya, ovomerezeka kugulitsa zakudya pano, simulowa. Abwana alinso kulibe, ali ku wekishopu." Tinakhala pamthunzi mpaka mpiru unafota ngati fodya. Madzulo tinaupereka kwa mbuzi za m'mbali mwa msewu, matembawo n'kubwerera nawo kunyanja komwe anachokera. Pambuyo pake tinamva kuti wekishopuyo inali yokambirana njira zochepetsera kutaya chakudya. Ndikhulupirira munadyako bwino.

3. Zikomo potionetsa mpunga weniweni. Tili pa geti pomwepo, lole ya alamu anu inalowa osaima n'komwe, itadzaza mapaketi onyezimira ochokera ku Limbe. Paketi ina inali yong'ambika, ndiye ndinatolako njere zingapo pansi. Bwana, mpunga umenewo ndimaudziwa ngati ana anga. Ndi wa m'dambo lathu lomwe lino, womwe mavenda amadzatenga tikangokolola. Ife mbuli sitinkadziwa kuti mpunga umayenera kukwera lole kupita m'tauni, kukavala pepala, n'kubwereranso, kuti ukhale woyenera mimba za anthu a madigiri. Ife timangoupereka uli maliseche. Tachita manyazi kwambiri.

4. Koposa zonse, zikomo chifukwa cha dzenje. Mwana wanga Brenda ali chaka chachiwiri pa koleji yanu yomweyo, ndipo ndi woyamba m'banja mwathu kufika kumeneko. Dzina lake silili pa mndandanda wa odya ku kafeteria. Amadziphikira m'kachipinda ka kunja kwa mpanda, ndipo ufa ukamuthera amamwa madzi n'kutsegula buku. Ndi iyeyo amene anandionetsa dzenje la kuseri kwa khitchini yanu. Mumaphikitsa chakudya cha anthu onse a m'kaundula ngakhale Loweruka, pamene theka la iwo lapita kwawo, ndipo zotsalazo zimapita pa wilibala: nyemba, kabichi, mpunga wosakhudzidwa ndi supuni.

Panali wophika wina, a Pitala, amene ankaitana ophunzira anjala pakhomo la kumbuyo n'kuwapakulira zotsalazo zisanafike kudzenje. Brenda anali mmodzi wa iwo. Inu mutamva, munachita changu chomwe sitinachionepo pa nkhani ina iliyonse: a Pitala munawachotsa ntchito atatumikira zaka makumi awiri, dzenjelo n'kulimangira mpanda wa waya, n'kuikapo loko. Akuti ndi zaukhondo. A Pitala pano akupalasa bwato la ku chilumba cha Chisi, msana utapindika, koma ukhondo wa nyemba zowola watetezedwa. Ife a kalabu tinapempha kuti tizitenga zotsalazo tikapange manyowa kapena tikadyetse nkhumba. Munayankha kuti komiti ikuunikabe. Akhwangwala okha ndiwo sadikira komiti. Anenepa, Bwana, ena akuvutika kuuluka.

Lachitatu lapitali Brenda anakomoka m'chipinda cha mayeso, atatha masiku awiri osalawa kanthu. Sanandiuze kuti ufa watha, akuti ankaopa kundidetsa nkhawa. Anzake anamutulutsa panja n'kumumwetsa thobwa, koma pamene ankatsitsimuka mapepala anali atatoleredwa kale. Akuti abwereza chaka. Ndinapita kukamutenga ndekha. Njira yonse ya ku Kachulu ankangoyang'ana pawindo, manja ali pamimba. Ine ndinadikira kuti tifike kaye, n'kukalirira kuseri kwa nkhokwe kuti asandione.

Sindikudandaula ayi, Bwana, ndine yani ine? Ndili ndi kapempho kamodzi kokha. Ndaona kuti pa koleji yanu pali mmodzi amene sanagonepo ndi njala, amene amadya katatu pa tsiku ngakhale pa holide, chakudya chake chikuchita kumupeza pa wilibala. Chonde, mwa mtima wanu wabwino uja, nditumizireni fomu yomwe dzenjelo linadzaza polowa. Brenda akamabwerera chaka chamawa ndikufuna akalembetse ngati dzenje lachiwiri. Ndi mwana wofatsa, sasankha ndiwo, ndipo loko sadzafuna.

Ndine kapolo wanu wosayenera kupitirira geti,

Alice Namathanga