Mithunzi Iwiri Yovina Nyimbo ya a Efulemu

Dilu yonse inapsera pa Mitundu, Lachitatu masana, Zakeyu ndi Calvin akulandizana chipanda chimodzi cha masese. Zakeyu ankadzitcha Injiniya chifukwa anakonzapo wailesi ya munthu, ngakhale wailesiyo sinalankhulenso. Calvin ankatchedwa Netiweki, poti nzeru zake zinkabwera n'kumapita.

"Aise, tchera khutu," anatero Injiniya. "Loweruka ku Nathenje akuonetsa filimu yakalekale ya azigogo athu akulima fodya. Anaipeza m'bokosi ku esiteti. Ilibe mawu olo amodzi."

"Inafa sipika?"

"Inabadwa choncho, mbuzi iwe! Ndiye mdala wina, a Efulemu, aziimba kiyibodi pompo kuti izikoma. Pulojekita yoonetsera filimuyo aiika kuseri kwa nsalu. Anthu maso kutsogolo, mdala phokoso, ife kumbuyo kutola. Chimenecho tikakagulitsa m'tauni ndi njinga yamoto."

"Shasha!" anatero Netiweki, namaliza masese a mnzake.

A Efulemu, oimba kutchalitchi zaka makumi atatu, anali atatha miyezi itatu akupeka nyimbo za filimuyo. Khasu linali ndi yake, ngolo yake, mvula yakenso. Pulojekitayo inali yobwereka kwa mkamwini wawo, yemwe ananeneratu kuti ikangokandika asadzapatsanenso moni.

Loweruka cha m'ma thuu koloko, shedi yosankhiramo fodya inadzaza thothotho, mazenera atatsekedwa ndi ziguduli. Pansalu panaoneka amuna opanda nsapato akupalira, kiyibodi ikutsatira khasu lililonse. Amayi ena anayamba kupukuta misozi.

Akatswiri athu analowera kukhomo lakumbuyo. Injiniya anaika chala pakamwa, n'kuyamba kunyang'ama. Sanaganize kuti wodutsa pakati pa nyali ndi nsalu amaoneka mbali inayo. Pakati pa munda wa fodya panatulukira zimithunzi ziwiri zazitali ngati mabulugamu, china chitanyamula thumba.

A Efulemu anazindikira msanga kuti pulojekita ikubedwa. Akakuwa, mbava zithawa ndi katundu. Anangotsinzinira alonda awiri kuti azungulire, iwo n'kusintha nyimbo. Injiniya akaponda, *ting!* Akapondanso, *ting!* Anthu anafa nacho chikhakhali.

"Wamva?" ananong'ona Injiniya. "Filimu yawagwira. Tiye!"

Netiweki anapunthwa pa waya. *Bwuuu!* inatero kiyibodi. Injiniya anamuwaza khofi. *Pha!* Poopa kumveka, anayamba kukangana ndi manja okhaokha, wina kuloza mutu, wina kuloza khomo, nyimbo ikuwamasulira chilichonse. Kutsogolo ana ankagubuduka pansi.

Apa mpamene netiweki inabwera pang'ono. Calvin anakweza mwendo: *ting!* Anautsitsa: *tong!* Anagwedeza chiuno, kiyibodi inayankha.

"Akulu, nyimbo iyi ikundidziwa," anatero.

Ndiye netiweki inapitanso. A Efulemu atathira kanyimbo ka paukwati, munthu anaponya thumba uko n'kuyamba kudula chiuno. M'manja munawombedwa mpaka malata kunjenjemera.

Injiniya anaona kuti ntchito yatsalira iye. Anakumbatira pulojekita, osadziwa kuti yayaka ola lathunthu. Inamuwotcha pamimba, azigogo ndi makasu awo anakwera kudenga, iye anaibweza pa tebulo mwaulemu ngati khanda, n'kudumphadumpha akuuzira zala.

Pamenepo mayi wina anaimirira pakati pa anthu. Anali Anna, mkazi wa Injiniya, yemwe anauzidwa m'mawa kuti bambo apita ku maliro ku Diamphwe.

"Makutu awo ndikuwadziwa ine!" anakuwa. "Bambo a Idesi! Maliro ake ndi amenewa?"

Injiniya anatembenuka kuti athawe, anaona alonda pakhomo, anathamangira kutsogolo. Nsalu inamukulunga, Netiweki anagwera pamwamba pake, onse awiri phuu! pamapazi pa a Efulemu, omwe anatsekera ndi kanyimbo kotsitsira bokosi m'manda.

Apolisi atabwera, mdalayo anayamba wapukuta pulojekita ndi mpango, kenako anakokera wapolisi wamkulu pambali.

"Bwana, atengeni ndithu," anatero. "Koma Loweruka likubwerali tikaonetsa ku Mitundu. Simungandibwerekeko wovinayo maola awiri okha?"

Netiweki, unyolo uli m'manja, anamwetulira.

"Mwamva, a Injiniya? Inuyo sanakufuneni."