Pulagi Yachinayi pa Ukwati wa Filipo

Inu amene mukupukusa mutu kumbuyoko, pukusani pang'onopang'ono khosi lingathyoke, chifukwa zimene ndinene pano ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ndikathirapo ngakhale kamchere, lilime langa liume ngati chikopa cha ng'oma. Ine Zakeyu ndinakalambira pa injini za kumigodi ku Joni, ndipo pulagi ya galimoto ndimaidziwa monga mayi adziwira kulira kwa mwana wake.

Chinali chaka chija zipani zinangophuka ngati bowa. Kwathu ku Kasinje kunali mayi wamasiye, a Nankhoma, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Filipo, ankakwatira Loweruka ku tchalitchi cha ku Nzama, kumapiri uko. M'mawa wa tsikulo lole imene anapangana nayo inatengedwa ndi andale kukatuta anthu opita kumsonkhano, pamene malume a mkwatibwi anali atanenetsa kale kuti dzuwa likafika paliwombo mkwati asanaoneke, iwo abwerera naye mwana wawo kumudzi. A Nankhoma anathamangira kwanga.

"A Zakeyu, tithandizeni. Mwana wanga manyazi amenewa alowa nawo m'manda."

Kuseri kwa nyumba yawo kunali galimoto ya malemu amuna awo, yakalekale, yamsana ngati kamba, nkhuku zikuikira mazira pampando. Makaniko wina wa ku Manjawira anali ataikamo mapulagi a galimoto zamakonozi, aataliatali, ndipo nditazula imodzi n'kuona mmene pisitoni inaiphwanyira mutu, ndinawazula onse. Anthuni, injini yakale siidya za ana! Imafuna pulagi yaifupi, ya mpata wongolowa chikhadabo, isakhale yozizira poti imadzaza mwaye, isakhalenso yotentha kwambiri poti imayaka isanauzidwe. Mukumva? Mu sutikesi yanga ya kumigodi ndinapezamo mapulagi atatu oyenera, koma injiniyo inali ya anayi, ndiye ndinathamangira kudimba, n'kukazula pulagi ya pa injini yopopera madzi m'munda wa mpunga, n'kuinunkhiza, n'kuinyambita, lilime n'kundiuza kuti imeneyi ndi yotentha mopitirira, koma dzuwa linali likukwera ndipo Filipo anali ataima pambali panga ndi suti yake, misozi ili lengelenge. Ndinaimanga.

Nditangopotoza kiyi, injini inabangula mwakuti mbuzi za m'mudzi wonse zinagwada, mazira aja n'kuswa anapiye nthawi yomweyo, ife n'kuchoka liwiro loti chithunzithunzi cha galimoto chinatsala pabwalo, chinachita kutipeza mawa lake chili wefuwefu. Koma zimene zinandiumitsa m'kamwa ndi za pamtsinje umene tinayenera kuwoloka. Pulagi ija inakumbukira ntchito yake yakale! Titangolowa m'madzi, galimoto inamwa mtsinje wonse, gwa, amayi ochapa n'kutsala akupikicha zovala pamchenga, nsomba zikuyang'anana, ndipo madziwo anayamba kutulukira kumbuyo, kupaipi ya utsi, kuthirira msewu, ndiye poti a Nankhoma ananyamula thumba la mpunga wa paukwati lobooka pansi, mpunga unkagwa, n'kumera, n'kubereka, moti titafika pachitunda ndinacheuka n'kuona anthu akumweta kale m'mene munadutsa matayala athu. A Nankhoma anangogwira kolona. Mukumva?

Ku Nzama tinafika dzuwa lisanaime pamutu, anthu n'kuyamba nthungululu. Ndinaponda buleki, ndinazimitsa, ndinazula kiyi n'kuika m'thumba. Injini osazima. Pulagi yotentha ija inali itafiira ngati khala, ikuyatsa petulo yokha, giya itakakamira, ndipo ine poona khamu la anthu kutsogolo ndinakhotetsa chiwongolero n'kuyamba kuzungulira tchalitchi, kuzungulira, kuzungulira, kwaya ikuthawira m'chimanga, malume aja ali kukamwa yasa, chipewa chitagwa. Bambo mfumu, munthu wamkulu, anakwinya mkanjo n'kuyamba kuthamanga pambali pathu ndi buku m'manja, mkwatibwi tinamukokera pawindo ndi velo yake yomwe, ndipo funso lililonse la ukwati linkafunsidwa tikamadutsa pakhomo, yankho n'kubwera ulendo winawo. Mphete anavekana pakona ya kumanda. Ukwati unamangidwa choncho, wina osatsika, mboni zitakwera mumtengo.

Tsono petulo osatha, chifukwa injini inali itazolowera madzi. Ndinamusiyira chiwongolero Filipo, ndinatulukira pawindo, kukwawa pa boneti, kuitsegula mphepo ikundivula jekete, n'kugwira waya wa pulagi ija ndi dzanja langali. Mayo ine! Moto unalowera pachala n'kutulukira kuchidendene, nsapato n'kuuluka kukagwera ku Mozambiki, tsitsi lonse n'kuima njo, ndipo kwa mwezi wathunthu ndikagwira wailesi yopanda mabatire inkayankhula yokha. Koma injini inazima. Filipo anatsika ndi mkazi wake akudzandira, a Nankhoma anagwada pafumbi akulira, malume aja n'kubwera kudzandigwira chanza, moto n'kuwathethekera, mpaka lero akandiona amalonjera manja ali kumbuyo.

Amayi akunyumba kwanga akamva nkhaniyi amati galimoto ija sinalire n'komwe, akuti tinakafika ku Nzama ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri za pangolo. Ng'ombezo zinalipo, sindikana, ndipo zinalidi kutsogolo. Koma zinkathawa! Chingwe chija ndinachita kuzimangira ndine, kuti zingasochere.