Lamba Amene Anamanga Apongozi Anga

Mpaka lero ndikamva sitima ya pamadzi ikulira, manyazi amandigwira. Gwero lake ndi lamba wa m'galimoto, ndipo wolakwa ndine ndekha.

Ndinkaphunzitsa pa boma la Mangochi, zaka zija munthu usanatuluke pakhomo unkayamba wapapasa khadi la chipani m'thumba. Ine wa ku Ntcheu, Mkhristu, ndinakwatira Patuma, mwana wa Abiti Jafali ogulitsa nsomba pamsika. Mayi akewa ukwatiwo anaulola monyinyirika, ndipo zaka zisanu zinatha asanandiyankhulepo maso ndi maso. Ndikudziwa kuti mkamwini ndi apongozi amapewana, koma iwo ankachita kuwonjezera. Tikakumana panjira ankapatukira kutchire ngakhale kuli minga.

Ndinali ndi kagalimoto kakale ka zitseko ziwiri (pobadwa ine n'kuti iko kakuyenda kale). Tsiku lina ndinaona m'galimoto ya bwana wina wochokera ku Blantyre malamba odzikulunga okha: ukakoka amatuluka, ukasiya amabwerera. Ndinasirira koopsa. Che Bwanali, makaniko wa kuseri kwa msika, anandipezera awiri m'galimoto yochita ngozi.

"Aphunzitsi, kabokosi kokulunga lambayu kaziima chilili," anandichenjeza. "Mukakapendeketsa kamaluma osasiya. Bwerani nayo galimotoyo ndikumangireni."

"Che Bwanali, inetu ndimaphunzitsa sayansi," ndinayankha. (Ya Sitandade 5.)

Ndinamanga ndekha Loweruka. Mbali yanga zinayenda bwino. Mbali inayo chitsulo chinali chitadyeka ndi dzimbiri, ndiye ndinaboola pena, kabokosi n'kugona chammbali ngati woledzera. Chomangira chakenso chinali cholimba, koma ndinati chidzafewa chokha. Nditapempha Patuma kuti ayese, anangoti, "Ine si mbuzi." Nkhani yoyesa inathera pomwepo.

Patangopita masiku angapo apongozi anafunika kukakwera sitima ya Ilala ku Monkey Bay, kupita ku Nkhotakota ku ukwati wa mwana wawo wamwamuna. Ikanawasiya, ulendo wina unali wa sabata yotsatira, ukwati utatha. Ndinati apa ndiye pogulira ulemu, ndiwaperekeza ndine. Bondo linkawavuta moti kumbuyo sakanatha kulowa, choncho anakhala kutsogolo, pambali panga penipeni, atafunda mpango kumaso. Patuma anakhala kumbuyo ndi dengu la chambo chowamba cha ku ukwatiko.

"Uwauze amayi amange lamba," ndinatero monyadira. Patuma anawamangira, kuchita kumenya ndi chibakera kuti chomangira chilowe.

Msewu uja unali wa maenje. Dzenje lililonse lamba ankameza pang'ono, osabweza. Tili cha ku Nkopola mawu anatuluka mumpango muja: "Patuma, uwauze bambo a kwanuwa kuti chingwe chawochi chikundifinya."

"Uwauze kuti ndiyo ntchito yake, n'chitetezo," ndinayankha osatembenuka.

Tinayendanso ndithu. "Patuma, uwauze kuti chitetezo chawochi chandifika pakhosi."

Tikuima padoko, sitima inalira koyamba. Patuma anadina chomangira, zii. Anakoka lamba, ndiye anachita kuwonjezera kumanga. Apongozi n'kuti akupuma ngati chambo chapamchenga. Apo m'pamene zinavutira, chifukwa njira yokha yowamasulira inali kumasula bawuti ya pansi, pakati pa mipando, ndipo pamwamba pa bawutiyo panali ntchafu ya apongozi anga. Mayi amene ngakhale chithunzithunzi chawo sindinachipondepo!

Anthu anayamba kuzungulira galimoto: amayi a madengu, asodzi, ngakhale asilikali awiri a pamadzi. Sitima inaliranso. Ndinagwira sipanala thukuta lili kamukamu, n'kutseka maso (ati mwaulemu), n'kulowetsa dzanja pansi. Ndinagwira kachitsulo kena, ndinakoka.

Kanali kogonekera mpando.

Apongozi anapita chagada, miyendo m'mwamba, mutu m'dengu la chambo. Ine amene ndinali nditatsamira mpandowo ndinawatsatira, nkhope yanga n'kukatera pamimba pawo.

"Yalabi!" anakuwa mayi wina. "Ameneyu ndi ndani wawo?"

"Mkamwini," wina anayankha.

"Mkamwini?"

"Eee, komanso ndi mphunzitsi."

Ndinalakalaka nyanja itasefukira n'kundikokolola pamodzi ndi galimotoyo. Kenako ndinaona mpango ukuchoka, maso awiri akundiyang'ana kwa nthawi yoyamba chikwatirireni.

"Bambo," anatero Abiti Jafali, osadzera mwa Patuma, "chokani."

Ndinachoka. Iwo anapisa dzanja m'chiuno, anatulutsa kampeni kawo kotumbulira nsomba, n'kudula lambayo kawiri, pamwamba ndi pansi. Anadzuka, anakutumula mamba m'mutu, anakoka chidutswa chija kuyesa kulimba kwake, n'kumangira dengu lawo. Analowa m'sitima akutsimphina, anthu akuchotsa kale makwerero.

Pobwerera tinatsala awiri, ine ndi Patuma. Kenako ndinalephera kupirira. "Patuma, mpeni uja anali nawo kuchokera ku Mangochi. Bwanji sanadule kalekale?"

"Iwe, akanadula bwanji katundu wa mkamwini, mwini wake akunyadira chonchija?" anatero. "Amati apirire kuti usachite manyazi."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kuseka kwa padoko paja. Ine kuganiza kuti mayiwa amandida, chonsecho anapirira kufinyidwa ulendo wonse kuti asandinyozetse.

Atabwerako ku Nkhotakota, mpango unabwerera kumaso ndipo uthenga unadzeranso mwa Patuma monga kale: "Uwauze kuti chingwe chija n'cholimba, dengu silinasunthe mpaka kufika. Chinacho ndikuchifuna."

Lamba wa mbali yanga, yekhayo amene ndinamanga molondola, ndinawapatsa. Koma pomasula ndinapita kwa Che Bwanali, ndipo za sayansi sindinatchuleko.