Mlendo Wanga Wakana Malata

Lolemba

Mlendo wafika. Ndi a Yonasi, mnyamata wamtali wochokera ku Jeremani. Akhala kuno kwa Nachisaka zaka ziwiri, kuphunzitsa alimi kasamalidwe ka nthaka. Ife amene tailima nthakayi chibadwire tikudikira mwachidwi kumva zomwe imafuna.

Bungwe lawo lidapempha mpingo kuti uwapezere nyumba. Mpingo udapempha akulu a mpingo. Akulu a mpingo adayang'ana ine. Ati mphunzitsi wopuma ali ndi nthawi komanso Chingerezi.

Nyumbayo ndaipeza kale, ya bambo Chimphepo, pafupi ndi msika. Malata atsopano. Simenti. Magetsi, akakhalapo. Chimbudzi cha madzi, ngakhale madziwo ndi otunga m'ndowa. Amayi a mpingo akolopa mpaka pansi pakuwala. Mlendo akagona bwino, dzina la mpingo liyera. Langanso, pang'ono.

Lero agona kwathu. Ndawafotokozera kuti kuno munthu sumudutsa ngati chitsa, umapereka moni. Amva bwino. Apereka moni kwa akazi anga, kwa adzukulu, kwa wogulitsa makala, ndipo mbuzi yapulumuka chifukwa yathawa.

Lachiwiri

Tapita kukaona nyumba. Bambo Chimphepo atilandira atavala jekete, kutentha kuli apo. Ayatsa getsi, azimitsa, ayatsanso, kuti mlendo aone kuti si nthabwala.

A Yonasi ayang'ana kudenga nthawi yaitali. Kenako: "Ndi yokongola. Koma ine ndikufuna kukhala ngati anthu."

Ngati anthu! Ife ndiye ndife chiyani?

Akufuna nyumba yofolera udzu, pansi pozira ndi dothi. Ati adaiona pachithunzi asananyamuke kwawo. Ndawafotokozera mofatsa kuti munthu wa kuno amalima fodya zaka zambiri, kudzimana nsapato, n'cholinga chimodzi: kuthawa udzu. Tsiku lokhoma malata abale amabwera kudzaonerera. Amvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu, n'kunena kuti chikhalidwe chathu n'chosangalatsa kwambiri. Udzuwo akuufunabe.

Bambo Chimphepo avula jekete tisanatuluke pageti. "Aphunzitsi, munandipentetsa nyumba kuti munthu adzandinyoze m'Chingerezi?"

Lachitatu

Kusaka nyumba yaudzu. Zilipo zambiri, ndikuziona ndi maso anga. Chosowa ndi mwini wake wovomera.

Mayankho a lero:
"Iyo ndi khitchini."
"Iyo ndi ya mbuzi."
"Iyo tikugwetsa mawa."
"Iyo si yathu, ndi ya apongozi."

Mayi Nabanda okha, amasiye a kuseri kwa sukulu, avomera kuti yawo ndi nyumba. A Yonasi aikonda, mpaka kusisita khoma. Mayiwo anditengera pambali. "Aphunzitsi, mlendo wochoka kutali agone mongodontha muno, anthu andinena chiyani? Auzeni alipire kaye miyezi ingapo, ndikhome malata, ndiye alowe."

Ndamasulira mokhulupirika. Mlendo wakhumudwa. Mayi Nabanda akhumudwa. Ine ndatupa mapazi.

Lachinayi

Nzeru yatsopano: timange. Njerwa ndili nazo, mitengo ipezeka. Udzu? Kulibe! Tchire lonse mpaka kumapiri a Ntchisi adatentha osaka mbewa. Ndafotokoza kuti udzu umamwetedwa nthawi yachisanu, n'kuusunga pathandala. A Yonasi afunsa ngati tingaitanitse pa foni. Inde, ndipo mbewa zibweretsa panjinga.

Pakadali pano mlendo akuzolowera. Akuzolowera mopitirira muyeso. M'mawa wasesa bwalo lathu, pamsewu anthu akuona. Masana walanda akazi anga ndowa, wakaima pamzere ku mjigo pakati pa amayi, wasenza pamutu. Madzi ofika kunyumba akwanira kuphikira tiyi, otsalawo asamba m'njira.

Ndawafotokozera kuti mlendo sagwira tsache, amakhala pampando n'kumadya zomwe wapatsidwa. Ati kwawo kukhala osathandiza ndi mwano. Akazi anga abwera kumsika nkhope ili gwa. "Bambo, mukudziwa zomwe akunena? Ati kwa aphunzitsi alemba mzungu ganyu."

Lachisanu

Tsoka. A Yonasi azungulira kuseri kwa nyumba kufunafuna netiweki, ndipo aona chigafa changa.

"Iyi!"

Ndafotokoza pang'onopang'ono, ngati kwa ana a sitandade wani. Ichi ndi chigafa. Timayanikamo fodya. Chili ndi denga laudzu, inde, koma makoma chilibe, chifukwa fodya amafuna mphepo. Munthu si fodya. Mumagona nkhuku, ndipo nazo zimadandaula.

Ati mphepo ndi yabwino pa thanzi.

Pofika madzulo agula mphasa kumsika, azimangirira kumitengo ngati makoma. Akoleka neti paphaso pomwe ndimakoleka fodya. Chikwama pakona, nsapato pakhomo, ngakhale pakhomopo ndi paliponse. Andigwira chanza ndi manja awiri, monga ndidawaphunzitsira ndekha. Sindinaonepo munthu wosangalala chonchi chipumireni ntchito.

Akazi anga sakundiyankhula. Ndiwo za mlendo aika nkhuku, zanga nkhwani.

Loweruka

Pakhomo pathu pasanduka bwalo la mpira. Ana a sukulu, a kabaza, amayi opita kuchigayo, onse njira yawo lero ikudzera kuseri kwa nyumba yanga. A Yonasi akupereka moni kwa aliyense, mmodzimmodzi. Maphunziro anga sapita pachabe.

Masana abwera akulu a mpingo anzanga, atavala ngati akupita kumaliro. Akana mpando. Mlembi wa mpingo atsokomola kaye. "Aphunzitsi, tangobwera kudzamva. Mlendoyu wakulakwirani chiyani?"

Ndafotokoza kuti wasankha yekha. Ayang'anana. "Munthu wokwera ndege angasankhe chigafa?" Ndalumbira kuti n'zongoyembekezera, mawa lomwe asamukira kwa bambo Chimphepo, ngakhale ndichite kumunyamula kumsana.

Ndathamangira kwa bambo Chimphepo kukapepesa. Ndapeza makatani achilendo m'mawindo. Alowetsamo kale mayi wina wogwira ntchito kumsasa wa othawa kwawo ku Dzaleka. "Ameneyu ndi wa ku Kenya, aphunzitsi. Malata amawadziwa kufunika kwake."

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo, koyamba chiyambire ukulu wa mpingo. Mapulani anga: kutuluka mwakachetechete nyimbo yomaliza isanathe.

Nthawi yolandira alendo yakwana. A Yonasi aimirira, mutu pafupi kugunda nyali. Ayankhula Chichewa chomwe akhala akuloweza sabata yonse, mawu aliwonse omveka bwino, mwatsoka.

"Ndikuthokoza aphunzitsi. Anthu ena anafuna kundipatsa nyumba. Aphunzitsi andipatsa chigafa. Ndikhalamo zaka ziwiri."

Oomba m'manja ndi a Yonasi okha. Mpingo wonse watembenuka kuyang'ana kumbuyo. Abusa avula magalasi, awapukuta, n'kulengeza kuti akulu a mpingo akumane Lachitatu, nkhani ndi imodzi yokha.

Chabwino. Ndikafotokoza. Kufotokoza ndimatha, kumvedwa ndiye ndi mphatso ya ena.

Pobwerera akazi anga andiyankhula tsopano, tili pamlatho. "Nanga fodya wa chaka chino mudzayanika kuti?"

Titafika kunyumba, ndayeza pabalaza ndi maso. Tikatulutsa mipando, akwana.