Tochi Yopita ku Dedza

Lolemba

Ndagula! Tochi ya bambo ndagula.

Zaka zisanu ndi chimodzi ku Joni kuno, chimene bambo alandira kwa ine ndi moni wodzera mwa chemwali basi. Nambala yawo ndili nayo, koma kuimba ndimaopa. Ndiimbe ndinene chiyani? Kuti maganyu akuvuta? Kumudzi ayamba kale kunditcha tchona, ndipo sakunama kwenikweni. Sabata yatha chemwali andiuza kuti bambo akumapita kukhola ndi muuni wa udzu, ndipo tsiku lina anatsala pang'ono kuotcha khola ndi mbuzi zomwe. Ndiye basi, tochi. Yohane, amene amanyamula katundu wa anthu kupita naye ku Malawi, akunyamuka Loweruka. Katundu akakafika, ndidzaimba foni ngati munthu.

M'shopu ku Zinniaville ndatha ola lathunthu. Matochi atatu:

- yaing'ono ngati chala. Bambo aitaya tsiku lomwelo.
- yaikulu, yodya mabatire anayi. Azigula ndani mwezi ndi mwezi?
- yachikasu, yotchaja ndi chingwe cha foni. Kutsogolo imaponya kuwala patali, m'mbali ili ndi nyale ina yaitali younikira pogwira ntchito, kumatako kuli maginito, kumutu kuli kambedza kokolekera.

Mwini shopu: "Bra, ukugula kapena wabwera kudzalondera?"

Ndatenga yachikasu. Ganyu ya penti ya sabata yatha, Mulungu aidalitse.

Malamulo:
1. Isatuluke m'bokosi.
2. Pabwalo pano asadziwe munthu.
3. Ikafike ku Dedza ili yatsopano, ikununkhira shopu.

Lachiwiri

Koma munthu ungatumize chinthu osachiyesa? Nanga ikakakana kuyaka pamaso pa anthu? Lamulo loyamba ndaliphwanya ndekha, mwaulemu, kwa mphindi imodzi yokha.

Mayo ine, kuwala! Zimene ndaona m'chipinda changa:

- sokosi imene ndakhala ndikunena kuti inabedwa pachingwe
- mphemvu, banja lonse ndi alendo awo
- kuti khoma langa si loyera ayi

Sikisi koloko madzulo magetsi azima, dera lathu lonse la Tlhabane bii. Ndayatsanso pang'ono, kuiwala kuti chitseko changa chili ndi mpata pansi. Gogogo! Ndi Mma Lerato, eni nyumba. Amaluka anthu tsitsi pakhonde pawo, ndipo pampando pali mayi mutu utalukidwa theka, mawa ali ndi ulendo wa kuukwati.

"Malawi, magetsi akowo wawatenga kuti?"

Ndiwakanize bwanji? Mayi amenewa anandipatsa chipinda ndili ndi kachikwama kamodzi, osandifunsa ngakhale pepala. Aikoleka pamsomali, ayatsa ya m'mbali ija, khonde lonse ngwee. Mutu watha bwinobwino. Tochi yabwerako ikununkha mafuta a tsitsi, ine ndalandira magwinya awiri, mandasi a kuno, otentha. Ndadya mothokoza.

Lamulo lachiwiri lapita. Bokosi lili bwino.

Lachitatu

Kulibe ganyu lero. M'malo mwake kwabwera a Mbewe, madala a ku Ntcheu, mkulu wa mpingo wathu. Anatha zaka makumi atatu pansi pa mgodi, pano akudya penshoni ku Chaneng. Nkhani ya tochi yawapeza bwanji kumeneko, sindikudziwa. Atsika takisi atavala jekete.

"Mwanawe, bweretsa nyaleyo ndiione."

Aitembenuza. Ainunkhiza. Aiyatsira m'maso mwanga. Kenako aikweza mpaka paphewa n'kungoisiya. Phaa! Pasimenti!

"Kumgodi nyale imene sinagwepo sitinkaikhulupirira."

Ikuyakabe, koma pakona pabenthuka. A Mbewe akuti ili mushe sitereki, mawu a kumgodi otanthauza kuti ili bwino kwambiri.

Mayeso achiwiri: iyake shifiti yonse, maola eyiti, osazimitsa. Ndiye takhala anthu awiri akuluakulu, dzuwa likuswa mtengo panja, tikuyang'anira tochi ikuyaka patebulo. Masamba anga a tiyi atha. Shuga watha. Ndamva mbiri ya shafuti iliyonse imene anatsikamo, ndi mayina a anzawo amene sanatulukemo. Pamenepo sindinaseke. Tochi yazima patatsala theka la ola.

"Ya pamwamba pano ikwanira. Pansi, ayikona."

Ndimati zatha. Atulutsa msomali m'thumba la jekete. Akuti nyale yopanda nambala ilibe mwini. Ndisanatsegule pakamwa, kwee kwee kwee, alemba m'mbali mwake nambala yawo ya kumgodi. Akuti nambala imeneyo inatsika pansi zaka zonsezo n'kutuluka yamoyo, ndiye ikawasunganso bambo anga. Ndikwiye kapena ndithokoze? Ndathokoza.

Pokwera takisi andifunsa kuti bambo ndinawaimbira liti. Ndayang'ana nsapato zanga.

Lachinayi

Pabwalo pano tsopano akuti "tochi yathu". Yathu!

Amene abwereka lero ine ndili ku ganyu yotchetcha kapinga:

- Mma Lerato, kufufuza ndolo pansi pa kabati
- amuna awiri a ku Mangochi a chipinda chakumapeto, kuona chimene chafera m'denga mwawo (khoswe)
- mayi wa kuseri kwa mpanda, kuunika m'khutu mwa amuna awo

Madzulo magetsi azimanso. Ndili m'chipinda ndikusenda anyezi, ndangoona pazenera kuwala kofiira ndi kwabuluu, phethi phethi phethi. Wina panja wakuwa: "Apolisi!"

Sindikukumbuka kuti chitseko ndinatsegula bwanji. Ndikungodziwa kuti mpanda wa Mma Lerato, umene ndimati ndi wautali, ndaudumpha woyamba ndine, mpeni wa anyezi ndautaya m'malere. A ku Mangochi pambuyo panga, mmodzi ali ndi sopo kumutu. Tabisala kuseri kwa chimbudzi cha eni ake, osapuma. Mapepala anga anatha mphamvu kalekale, ndiye mapemphero amene ndapemphera pamenepo ndi enieni.

Kenako tamva chiphwete. Mma Lerato akuseka mpaka kutsokomola.

"Bwererani, ana anga! Ndi tochi!"

Batani lake ndi limodzi. Ukadina kamodzi iwala kwambiri, kawiri pang'ono, katatu ya m'mbali, kanayi yofiira, kasanu ya apolisi. Mma Lerato, amene anali nayo panja, amangofuna kuzimitsa. Ine mwini wake zimenezi sindimazidziwa, pepala la m'bokosi sindinawerenge poopa kulipinda.

Buluku lang'ambika malo oipa. Koma ndagona pabedi panga, osati m'chitokosi. Zikomo Ambuye.

Lachisanu

Tsiku lotsuka. Sopo, kansalu, mankhwala otsukira mano pa zokalikakalika. Zimene zakana kuchoka:

- kubenthuka kwa a Mbewe
- nambala ya a Mbewe
- fungo la mafuta a tsitsi
- kadontho ka penti yobiriwira kamene sindikudziwa mwini wake

Lamulo lachitatu lafa ndithu. Bambo aziti ndatola pamtaya. Komabe ikuyaka, yatchajidwa mpaka kudzaza, ndipo mitu yonse ya pabwalo pano ingaikire umboni kuti ndi tochi yeniyeni.

Kalata ndayesa katatu. "Okondedwa bambo" ikutheka. Zotsatira zake sizikubwera. Ndang'amba zonse. Tochi ikalankhula yokha.

Bokosi lokha ndilo lapulumuka, latsopano ngati tsiku loyamba. Ndaikamo tochi ndi chingwe chake, ndamata tepi kuzungulira kasanu, ndalemba dzina la bambo ndi mudzi wathu ndi zilembo zikuluzikulu. Ndalikhazika pampando n'kumaliyang'ana. Ndasangalala, osanama.

Loweruka

M'mawa, pamalo okwezera katundu ku Zinniaville. Mafiriji, njinga, mabulangete, zidebe, matilesi, a Malawi ali piringupiringu, aliyense akuti katundu wake asaponderezedwe. Galimoto sikunyamuka. Magetsi a kumbuyo kwa ngolo imene galimotoyo imakoka sakuyaka, ndipo popanda amenewo apolisi a pamsewu sangakusiye. Yohane wagona chagada pansi pa ngolo, foni waluma pakamwa kuti imuunikire, akutukwana ndi mphuno.

Ine ndaima ndi bokosi m'manja. Mtima ukuti usatero. Pakamwa pakuti: "Achimwene, dikirani."

Ndadula tepi. Ndakwawira pansi. Maginito, kha! pachitsulo. Ya m'mbali ija, ngwee! Waya wodukayo waoneka pompo. Mphindi khumi, magetsi a ngolo ayaka, anthu aomba m'manja. Mayi wina wafunsa kumene ndinagula, bambo wina akuti ndine injiniya. Yohane wandikumbatira ndi manja a girisi n'kundigulira chakumwa chozizira. Okweza katundu aona bokosi lolembedwa dzina lili pansi, alimatanso tepi, alilowetsa mkati kuseri kwa mafiriji. Ndaliona likulowa, ndalibayibitsa. Galimoto yanyamuka. Zaka zisanu ndi chimodzi, lero ndatumiza kanthu kwathu!

M'takisi ndaimba nyimbo ya kwaya njira yonse.

Madzulo magetsi azima. Gogogo, Mma Lerato.

"Malawi, tochi yathu."

"Yapita kwa bambo, Mma. Ili m'boko..."

Ndakhala pansi pomwepo. Ndani anaichotsa pachitsulo paja? Yohane anatuluka mbali iyi, ine mbali iyo, anthu akuomba m'manja. Palibe anaichotsa. Bokosi lapita mkati mwaulemu wonse, muli chingwe chokha. Tochi yapita kunsi kwa ngolo, ikuyaka.

Foni ya Yohane yazima.

Lamulungu

Yohane wayankha m'mawa, ali pamzere pa chipata cholowera ku Zimbabwe. Wakwawa, wayang'ana. Palibe. Akuti mabampu a m'njira sasiya kanthu, mwina pano ikuunikira ng'ombe za eni ake. Bokosi sangalitulutse mpaka ku Dedza, latsekeredwa ndi mafiriji atatu.

Ndiye Lachitatu bambo akalandira katundu wochokera ku Joni, anthu atasonkhana, n'kutsegula, n'kupezamo chingwe.

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Potuluka ndawauza a Mbewe. Sanaseke, ngakhale masaya amanjenjemera. Andigwira pamkono mpaka pansi pa mtengo wa kuseri, andiuza kuti nditulutse foni, ndipo aima pomwepo manja kumbuyo ngati kapitawo.

Yaitana kanayi.

"Ndani?"

"Ndine, bambo."

Mbuzi ikulira chapatali. Mawu awo akalamba, sindimayembekezera. Ndayamba kufotokoza mothamanga: shopu, tsitsi, kugwetsa, mpanda, ngolo. Pofika pa mpanda paja amveka akuseka, kuseka kwenikweni, mpaka kuitana chemwali kuti adzamve nawo. Ine misozi ili mbwembwembwe, a Mbewe akuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga masamba.

Ndapepesa. Ndati ndigula ina ganyu ikapezeka, ndipo bokosilo ndimuuza Yohane angolitaya.

"Ayi. Palembedwa dzina langa?"

"Inde, bambo."

"Ndi dzanja lako?"

"Inde."

"Libwere choncho. Kuno ena amati unafa."

Tayankhula mpaka mayunitsi atha. Tochi ndilibe, buluku ndilibe, pabwalo pano akundiyang'ana ngati ndataya mwana wa eni. Chabwino, zachitika.

Chemwali atumiza uthenga madzulo ano. Akuti bambo atulutsa jekete yawo kuti ichapidwe. Lachitatu akufuna kukalandira okha kumsewu, ndipo pobwerera adzadzera njira ya kumsika, bokosi lili m'manja.